Loweruka Limene Mzinda wa Sitidandaula Unasesera Alendo

Mu ufumu wa Tilibwino muli phiri lotchedwa Ndilipo. Lili pa mbendera, lili pa masitampa, lili m'ndime yachiwiri ya nyimbo ya fuko, ndipo mwana aliyense wapasukulu amatha kulijambula atatsinzina. Ndi mwayi kuti amatha kutero, chifukwa ana ambiri obadwira m'likulu la ufumuwo, mzinda wa Sitidandaula, sanalionepo ndi maso, ngakhale kuti phirilo layambira kuseri kwa msika waukulu.

Phiri silinasamuke ayi. Chinachitika n'chakuti mzinda unakula, ndipo unakula ukufuka. Kum'mawa kunali mauvuni a njerwa, kumadzulo fakitale ya matumba imene mwini wake anali mlamu wa mfumu, pakati maminibasi okalamba amene ankati akakwera mtunda wa papositi, nkhuku za m'mbali mwa msewu zinkalowa m'khola poyesa kwada. Tionjezepo mbaula za makala, ziwaya za tchipisi ndi milu ya zinyalala. Mzindawo uli m'chigwa, choncho utsi wonsewu unalibe kolowera. Unangokhazikika, ngati m'bale amene anabwera kudzazonda matenda chaka chatha ndipo odwalawo anachira kalekale.

Kale alendo ankabwera kuchokera kutali kudzaona phirilo. Ankagona mumzinda, kudya mumzinda, kugula ziboliboli ndi nsalu, n'kujambulitsa phiri lili kumbuyo kwawo. Pa sabata mabasi a alendo ankafika asanu. Kenaka atatu. Pamene nkhaniyi ikuyamba panatsala kabasi kamodzi, ka mipando khumi ndi isanu ndi umodzi, kamene kankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku dziko loyandikana nalo, ndipo mwini wake anali mayi Nsaliwa, mzimayi wosachulutsa mawu.

Kabasi kameneka ndi kamene kankadyetsa mayi Nachanza. Mayiwa anali ndi resitihausi ya zipinda zisanu ndi zinayi, imene anaimanga pang'onopang'ono kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chipinda chimodzi malata akapezeka. Ulemerero wa nyumbayo unali khonde lalitali loyang'ana kuphiri. Anthu a mumzinda sankagonako, chifukwa aliyense anali ndi m'bale wogonako mwaulere. Kabasi kakasiya kubwera, resitihausi itsekedwa, ndipo mayi Nachanza akabwerera kumudzi kumene anachokako atalumbira pamaso pa apongozi awo kuti khasu sadzaligwiranso.

Ulendo womaliza umene kabasiko kanabwera zinthu sizinayende bwino. Alendo anakhala pakhonde ndi makamera awo kuyambira m'mawa mpaka tiyi wa masana. Nkhalamba ina inafunsa mwaulemu kuti phirilo lili mbali iti. Mayi Nachanza analoza kumanja ndi mtima wonse, wophika wawo analoza kumanzere ndi mtima wonsenso. Nkhalambayo inajambula mbali zonse ziwiri, n'kutsokomola, n'kupempha madzi.

Ponyamuka, mayi Nsaliwa anawakokera pambali eni nyumba. Anawauza kuti alendo akumapempha kuti awabwezere kwawo asanaone n'komwe chipinda, kuti wina anafika kwawo ndi chifuwa cha milungu iwiri, ndipo kuti iwo sangapitirize kugulitsa phiri lapakamwa.

"Ndibweranso Loweruka lomaliza la mwezi uno," anatero. "Akaliona, tipitiriza. Akapanda kuliona, achemwali, musadzandiyimbire foni. Sindidzayankha, ndipo si mwano."

Lachiwiri lotsatira mayi Nachanza anavala chilundu chatsopano n'kupita ku bwalo la mfumu.

Mfumu Mwandiona Yachinayi inkamva nkhani za anthu ake Lachiwiri lililonse. Tisanene kuti inkamva madandaulo, chifukwa madandaulo anathetsedwa m'nthawi ya agogo ake, ndipo dzina la mzinda ndi umboni. Munthu wobwera ndi vuto ankayenera kulinena ngati chiyamiko. Anthu anazolowera. M'mawa umenewo bambo wina anathokoza chifukwa cha dzenje la pamsewu limene linathyola ngolo yake, ponena kuti n'lakuya bwino ndipo silisankha olemera kapena osauka. Mlembi analemba, mfumu inagwedeza mutu, ndipo bamboyo anatuluka atathandizidwa.

Itakwana nthawi yawo, mayi Nachanza anagwada, kuomba m'manja katatu, n'kuyamba kuthokoza utsi. Anauthokoza chifukwa cha kukhulupirika kwake, kuti suchoka chilimwe kapena dzinja. Anauthokoza posunga phiri mosamala kotero kuti ngakhale eni ake saliona. Anathokozanso kuti utsiwo wapeputsa ntchito ya osema ziboliboli, ogulitsa nsalu ndi eni malo ogona, moti ambiri tsopano akupuma tsiku lonse. Pomaliza anati Loweruka lomaliza la mwezi kukubwera alendo otsiriza, ndipo utsi ukachitanso bwino tsiku limenelo, mzinda udzapumuliratu.

Mfumu inatembenukira kwa Nduna Yoona Zokopa Alendo ndi Zina Zotero, Olemekezeka a Chikwekwe, n'kufunsa ngati n'zoona kuti phiri silikuoneka. Funsoli linali lovuta, chifukwa mawindo a nyumba ya mfumu anali ndi makatani atatuatatu, ndipo m'chipinda cha bwalo munapachikidwa chithunzi chachikulu cha phirilo chimene mfumu inkachiyang'ana tsiku ndi tsiku n'kumakhutira.

A Chikwekwe anaimirira, kukonza jekete, n'kufotokoza kuti phiri likuoneka ndithu, kungoti likuoneka kwa anthu okonda dziko lawo. Anati zimene ena akuzitcha utsi, a zachitukuko amazitcha umboni. Mudzi wosafuka utsi ndi mudzi wanjala, anatero, ndipo mayiko ena akuchita kusirira. Komabe, pofuna kuthandiza alendo a maso ofooka, unduna wawo unali wokonzeka kujambula phirilo pakhoma la msika, ndi penti wamafuta, lalikulu kuposa lenileni.

Nduna ya Zaumoyo inati vuto si utsi koma kutsokomola, chifukwa mlendo akamva eni dziko akutsokomola amayamba kuganiza zambiri. Inapempha lamulo loletsa kutsokomola kuyambira pamene alendo afika mpaka pamene achoka. Mfundoyi inakondedwa, ndipo ikanadutsa, koma pamene mlembi ankainola, mfumu inagwidwa ndi chifuwa chimene chinatenga nthawi yoti munthu n'kudya chimanga chowotcha chathunthu. Nduna zonse zinayang'ana pansi. Mfundoyo inafera pomwepo popanda woiika m'manda.

Itapukuta misozi, mfumu inakweza litchowa. Inati nduna zake zaphunzira kwambiri mpaka kuiwala zimene mwana aliyense wa mu Tilibwino amadziwa.

"Kodi kwanu kukamabwera alendo, mayi anu ankachita chiyani?" inafunsa.

Nduna zinayang'anana. Wina anati ankapha nkhuku. Wina anati ankabisa mbale zothyoka.

"Ankasesa," inatero mfumu. "Mlendo safikira pabwalo losasesa. Alendo athawa chifukwa mzinda ndi wauve. Tisese, phiri lituluka lokha."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. A Chikwekwe anati nzeru zotere siziphunzitsidwa kusukulu, munthu amabadwa nazo. Tsiku lomwelo wailesi inalengeza Lamulo la Tsache: Loweruka lomaliza la mwezi, kuyambira tambala woyamba, khomo lililonse, sitolo iliyonse, tchalitchi, mzikiti ndi malo omwera mowa zisese, miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu ipakidwe laimu, ndipo khomo losasesa litsekedwe ndi loko wa khonsolo.

Mayi Nachanza anatuluka m'bwalo mtima uli m'malo. Kusesa ankakukhulupirira. Anayenda mpaka pamsika akung'ung'udza kanyimbo ka kwaya, ndipo anaima pa benchi ya a Mangulenje, wosema ziboliboli, kuti awauze uthenga wabwino.

A Mangulenje anali atamva kale pa wailesi. Ankapala kaphiri kamtengo ndi galasi losweka, ndipo sanadzutse mutu. Anati lamulolo n'labwino kwambiri, makamaka kwa ogulitsa matsache. Kenaka anafunsa, ngati munthu wofunsa nthawi, kuti zinyalala za mzinda wonse zikasesedwa tsiku limodzi zipita kuti.

Mayi Nachanza anati pali galimoto ya khonsolo.

Mayi wina wogulitsa tomato anaseka mpaka kugwira mpanda. Galimoto ya zinyalala inalipo imodzi mu ufumu wonse, ndipo pa masiku akuluakulu ankaitsuka kuti inyamule amayi ovina. Bambo wa chiwaya cha tchipisi anaonjezera kuti iye wakhala pamsikapo zaka khumi ndipo galimotoyo waiona kawiri, maulendo onse awiri itanyamula anthu oyimba nyimbo.

"Ndiye mayi," anatero a Mangulenje, "inu mukasesa pakhomo panu, mulu uja mumautani?"

Mayi Nachanza anakumbukira mulu wawo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'mawa uliwonse wa tsiku la alendo, ankasesa bwalo lonse, kuunjika masamba ndi majumbo kuseri kwa khitchini, n'kuyatsa. Mayi awo ankatero, agogo awo ankatero. Mu Tilibwino kusesa kosayatsa n'chimodzimodzi ndi kusamba kosadzola: ntchito ili pakati. Anayesa kuwerenga makomo a mumzinda m'mutu mwawo, koma anasiyira panjira chifukwa makomowo anawachulukira.

Tsiku lotsatira analawirira ku ofesi ya a Chikwekwe. Anadikira pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, kapena pamalo pamene anthu ankaganiza kuti pali dzuwa. Atalowa, anathokoza lamulolo monga mwa mwambo, kenaka anapempha mwaulemu kuti pa tsikulo anthu asese koma asayatse. Akumbe mayenje, kapena milu idikire Lolemba alendo atapita.

A Chikwekwe anavula magalasi. Anafunsa ngati mayiwo akufuna kuti alendo ochokera kunja adzapeze milu ya zinyalala khomo lililonse, ngati kuti mu Tilibwino mulibe machesi. Anafunsanso kuti iwo monga nduna adzadziwa bwanji kuti lamulo la mfumu latsatidwa. Asilikali a khonsolo analipo khumi ndi awiri, njinga zinayi, makomo zikwizikwi. Njira yoyendera inali imodzi yokha, ndipo inagwira ntchito kuyambira makolo: nduna imakwera pa thanki ya madzi ya pamtunda n'kuyang'ana. Pamene pakufuka, asesa. Pamene sipakufuka, pali mwano.

"Ndiponso," anatero akubwezera magalasi pamphuno, "dera limene lidzafuke kwambiri lidzalandira chikho ndi mbuzi ziwiri. Talengeza kale. Inu mukufuna tiwalande anthu mbuzi?"

Masiku otsalawo mayi Nachanza anayenda khomo ndi khomo m'dera lawo kupempha anthu kuti asadzayatse. Anthu anawalandira bwino, kuwapatsa mpando, ena mpaka madzi akumwa. Onse anavomereza kuti utsi ndi woipa, makamaka wa anthu a dera linalo. Koma za loko wa khonsolo ankazidziwa, ndipo za mbuzi anali atazimva. Mayi wina wa mpingo wawo anawauza mwachikondi kuti ali ndi matiresi awiri akale amene wakhala akuwasungira tsiku ngati limeneli. Amakaniko a pakona anali ataunjika kale matayala. Aphunzitsi anauza ana kuti aliyense abwere ndi thumba la zinyalala kuchokera kwawo, ndipo ana a m'makomo aukhondo analira mpaka makolo awo anakapempha zinyalala kwa aneba. Pofika Lachinayi zinyalala zinayamba kusowa mumzinda, moti dera la Kwagwanji linadandaula, mwa njira yothokoza, kuti anthu a dera la Tiyeseko akuwabera milu.

Loweruka linacha ndi phokoso la matsache. Kunena zoona, mzinda wa Sitidandaula sunayambe wayerapo chotero. Anasesa mabwalo, anasesa misewu, anasesa pansi pa milatho. Anapaka laimu miyala, mitengo, mapolo a magetsi ndi galu mmodzi amene anachedwa kudzuka. Pamene dzuwa linkatuluka, munthu akanatha kugwetsa singano pamsewu waukulu n'kuitola. Kwa kanthawi kochepa, poti maminibasi anali asanayambe kuyenda, nsonga ya phiri inaonekera pang'ono pamwamba pa msika, ndipo mwana wina anathamangira m'nyumba kukauza amake kuti kunja kwamera chinthu.

Kenaka lipenga la kunyumba ya mfumu linalira, ndipo mzinda wonse unakhwatcha machesi.

Mayi Nachanza anali atasesa ngati wina aliyense. Mulu wawo unali kuseri kwa khitchini, ndipo anaukhalira pafupi pa kampando, manja ali pachifuwa. Sanali opusa, ankadziwa kuti mulu umodzi wosayaka pakati pa milu zikwi khumi suthandiza kanthu. Koma anali atatsimikiza kuti ngati nyumba yawo ikufa, isafe ndi machesi a m'manja mwawo.

Sipanapite nthawi, panjinga panafika a Kampango, msilikali wa khonsolo, munthu wamkulu wofatsa amene mwana wake wamkazi anachitira phwando la ukwati pakhonde lomwelo. Anatsika, kupereka moni, kufunsa za kumudzi, kenaka anati Olemekezeka ali pathanki ndipo aona kuti pakhomo pano pali kabowo koyera m'mwamba. Loko anali naye m'thumba, ndipo anamutulutsa pang'ono kuti aoneke, n'kumubwezera mwamanyazi.

Mayi Nachanza anati sayatsa.

A Kampango anayang'ana mulu, anayang'ana mayiwo, n'kupukusa mutu mwachisoni. Anati akumvetsa, zinthu zakwera mtengo masiku ano, ndipo munthu asachite manyazi. Anagwada, anatulutsa machesi awoawo, anatchinga mphepo ndi chipewa, ndipo mulu unayaka bwino lomwe.

"Musathokoze, mayi," anatero akulemba m'kabuku kuti khomo lino lamvera. "Anthufe n'kuthandizana."

Pofika nthawi ya tiyi, munthu sankaona chala chake atatambasula mkono. Nduna ya pathanki inasiya kuwerenga chifukwa mizati ya utsi inali italumikizana n'kukhala denga limodzi, ndipo inalengeza kuti madera onse apambana. Kutsika pathankipo kunaitengera ola lathunthu, ikufufuza makwerero ndi phazi. Atambala anayambiranso kulira. Pamsika ogulitsa ankaitana makasitomala ndi mawu okha, ndipo bambo wina anagula nsapato ziwiri zakumanzere kwa munthu amene pambuyo pake anazindikira kuti ndi mchimwene wake.

Pachipata cha mzinda anali atamanga nsanja. Mfumu Mwandiona inakhala pamenepo ndi nduna zake, gulu la polisi loimba malipenga, ndi amayi ovina amene anafika pa galimoto ya zinyalala atavala nsalu za nkhope ya mfumu. Onse ankadikira alendo. Patapita nthawi kunamveka kulira kwa injini, nyali ziwiri zinatulukira mu utsi, ndipo galimoto inaima patsogolo pa nsanja. Ng'oma zinalira. Mfumu inaimirira n'kuyamba kuwerenga mawu ake olandirira alendo, masamba khumi ndi anayi. Inawauza za mbiri ya ufumu, za ukhondo wa anthu ake, ndipo inawapempha kuti atembenukire kumanja aone phiri lokongola la Ndilipo. Alendowo anamvetsera mwachidwi osadula mawu, chifukwa anali makabichi odzaza lole. Dalaivala wa loleyo, amene anangoima poopa kugunda chinthu, anazimitsa injini n'kukhala phee, poganiza kuti akasuntha amangidwa.

Kabasi ka mayi Nsaliwa kanali katadutsa kale kuseri kwa loleyo, kakuyenda ngati kamwana kophunzira kukwawa, ndipo palibe anakaona.

Mayi Nachanza sanadikire pakhomo. Moto wa a Kampango utangoyaka, anakhala kanthawi akuyang'ana utsi wawo ukukwera kukakumana ndi unzake. Anaona kuti ukafika pamwamba pa mitengo ya bulugamu sukweranso, umangoyala ngati mphasa. Anaimirira, analowa m'khitchini, n'kuuza wophika kuti alongedze nkhuku, mpunga, mandasi ndi mafulasiki onse m'madengu awiri. Anasenza dengu limodzi, wophika linalo, ndipo anayenda chogwira mipanda mpaka pamphambano pamene msewu wa kuresitihausi umasiyana ndi msewu wakale wokwera kuphiri. Pamenepo anaima pakati pa msewu, ndipo kabasi katafika anakamenya pabonati ndi chikhatho.

Chitseko chinatseguka. M'katimo alendo khumi ndi awiri anali atatseka pakamwa ndi mipango, zipewa, ndipo wina ndi sokosi. Mayi Nsaliwa anali pampando wakutsogolo, maso ali psuu.

"Achemwali," anatero, "sindinabwere kudzatsika. Ndikufuna pokhotera basi."

"Pokhotera pali kumtunda," anatero mayi Nachanza akukweza dengu. "Adalaivala, tengani msewu wakumanzerewu. Ine ndikhala pakhomo pano ndizikuuzani mayenje."

Mayi Nsaliwa anati alibe nthawi ya masewera. Mayi Nachanza anawakumbutsa kuti pangano linali lakuti alendo aone phiri, ndipo za khonde sanatchule. Anapempha theka la ola. Likatha phiri lisanaoneke, iwo atsika ndi madengu awo ndipo foni sadzaimba. Dalaivala, amene sankaona pokhotera paliponse, anali atalowa kale msewu wakumanzere.

Msewuwo unakonzedwa komaliza m'nthawi ya Mwandiona Wachiwiri. Kabasi kanakwera kakubuula, kakupendama uku ndi uku, mayi Nachanza atatulutsa mutu pakhomo n'kumauza dalaivala kuti apa dzenje, apa mwala, apa pitani ndi chikhulupiriro. Wophika anatseka maso n'kuyamba kupemphera chamumtima atakumbatira mafulasiki. Mphindi makumi awiri zinatha, kunja kuli kotuwa ngati phulusa. Mayi Nsaliwa anayang'ana wotchi. Zinatha makumi awiri ndi zisanu. Mlendo wina kumbuyo anayamba kulankhula mokweza m'chinenero chake, ndipo panalibe chifukwa chomasulira.

Pa kona ina yakuthwa utsi unayamba kupyapyala, unasanduka wachikasu, ndipo mwadzidzidzi kabasi kanatulukira padzuwa.

Dalaivala anaponda buleki osauzidwa. Patsogolo pawo panaima Ndilipo, lonse lathunthu, matanthwe ake akuda akunyezimira, mitsinje iwiri ikutsika m'mapewa mwake, thambo lili mbee kumbuyo. Linali lalikulu kuposa la pa sitampa. Wophika, amene anabadwira mumzinda zaka makumi atatu zapitazo, anatsika, kuliyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kunena kuti sankadziwa kuti lili ndi mitengo.

Alendo anatsika akuvula mipango kukamwa. Anapuma mpweya ngati anthu akumwa madzi. Makamera analira. Mayi Nachanza anayala zitenje pa thanthwe lafulati, anatsegula madengu, ndipo nkhuku inatha mofulumira kuposa tsiku lina lililonse m'mbiri ya khonde lawo. Atakhuta, alendowo anatembenuka kuyang'ana kumene anachokera, ndipo makamera analiranso kwambiri. Mzinda kunalibe. Chigwa chonse chinali chitafundidwa bulangete lotuwa, losalala, kuchokera phiri lino kukafika mapiri a kutsidya. Chimene chinatulukira pamwamba pake chinali kansonga ka mlongoti wa kunyumba ya mfumu, mbendera ili lende. Kuchokera pansi pa bulangetelo kunkamveka ng'oma chapatali, ndi mawu a pachimkuzamawu amene anali atafika tsamba lachisanu ndi chinayi.

Mayi Nsaliwa anadya mandasi awiri asanalankhule. Kenaka anakhala pafupi ndi mayi Nachanza n'kunena kuti kabasi kazibwera, mwinanso kawiri pamwezi. Koma kumusi kuja ayi. Kazilambalala mzinda n'kukwera kuno. Anawalozera nyumba yakale ya alonda a nkhalango imene inali chapamwamba pang'ono, yopanda zitseko koma ya denga labwino, n'kunena kuti ngati mabedi angakwere phiri, alendo ndi awo.

Mayi Nachanza anayang'ana nyumbayo, anayang'ana msewu umene anadzera, n'kuganiza za mabedi asanu ndi anayi achitsulo, ndi khonde lawo lalitali limene silinganyamulidwe. Anafunsa ngati kabasi kali ndi kariyala pamwamba. Mayi Nsaliwa anati kali nayo.

Apo n'kuti gogo wina wa m'gulu la alendo, wa tsitsi loyera ndi ndodo yachitsulo, atayandikira. Nkhope yake inali ya nkhawa. Analoza kuchigwa n'kufunsa funso lalitali, ndipo mayi Nsaliwa anamasulira: akufuna kudziwa chimene chachitika kumusiko. Kodi ndi nkhondo? Kodi mzinda wapsa? Kodi anthu apulumuka, ndipo pali chimene iwo angathandize?

Mayi Nachanza anapukuta manja pachitenje, anathira tiyi m'kapu n'kumupatsa gogoyo ndi manja awiri.

"Auzeni asade nkhawa, kulibe wavulala," anatero. "Tinamva kuti akubwera, ndiye tawasesera."